Namwino Amene Anabwereketsa Dzina Lake

Panali munthu wina, namwino wa kuwodi ya ana, amene aliyense pachipatala ankangomutchula kuti Sisitala. Anagwira ntchito zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi osalandirapo ngakhale kalata ya chenjezo. Chiphaso chake cha unamwino anachipeza movutikira, ndipo n'chimene chinkadyetsa ana ake atatu. Nkhaniyi anandiuza ndi mnzake wa kuntchito, ndipo ndikaiganiza mtima umandipsa mpaka lero.

Mukudziwa kuti masiku ano kwabwera makampani oti wodwala amangoimba foni ya vidiyo, namwino n'kumuona ali kunyumba. Kalembedwe kawo ka ntchito nakonso n'kachilendo. Ku ofesi supitako, palibe wokugwira chanza. Umatumiza nambala ya chiphaso, amakufunsa mafunso pa vidiyo, ukakhoza amakutumizira pasiwedi, basi wayamba ntchito uli pabalaza pako.

Sisitala anafunsira ntchito ku kampani ina yotere, n'kukhoza mosavuta. Vuto linali nthawi, chifukwa ntchito ya kuwodi sanafune kuisiya. Tsono pakhomo pake pankakhala mlamu wake, mlongo wa amuna ake, amene anayambako sukulu ya unamwino n'kuisiya chaka choyamba chisanathe.

"Alamu, mukuvutikiranji?" anatero mtsikanayo. "Mukakhala kuwodi ndizikuyankhirani ineyo. Kamera yanga ndizithimitsa, ndizinena kuti netiweki yavuta. Nanga akukudziwani ndani kumeneko?"

Amuna a Sisitala nawo anathirirapo ndemanga. "Muthandizeni mwanayu. Azingokhala chonchi mpaka liti?"

Sisitala anakawanong'oneza a Matroni, mkulu wa anamwino pachipatalapo. A Matroni anavula magalasi.

"Iwe, mutu ukuyenda bwino? Chiphaso si chitenje choti muzibwerekana. Anthuwo akulemba ntchito osakuona chifukwa akudalira dzina lako. Usayerekeze!"

"Aaa, amayi, oimbawo ndi a mutu ndi chimfine basi. Ndimulembera zonse papepala."

Ndipo analembadi, abale! Pepala limodzi, analimata kukhoma pamwamba pa tebulo. Mutu, nena chakuti. M'mimba, nena chakuti. Zaka zonse za kusukulu zija n'kuzipanikiza papepala limodzi, koma anthu ena! Miyezi itatu inadutsa popanda vuto, moti Sisitala akakumana ndi a Matroni mukhonde ankangomwetulira.

Lachiwiri lina masana kunaimba mayi wina, mwana wa miyezi isanu ndi itatu ali m'manja. Mwanayo ankatsokomola, akupuma mofulumira, bere akukana. Akanakhala Sisitala mwiniwake, akanangoti, "Kwezani malaya a mwana ndione pachifuwa," n'kuwauza kuti athamangire kuchipatala nthawi yomweyo. Mlamu uja mwanayo ankamuona pafoni bwinobwino, koma sankadziwa choti ayang'ane. Anayendetsa chala papepala mpaka pamene panalembedwa kuti chifuwa.

"Mayi, n'chimfine ichi. Mumufunditse, muzimuyamwitsa, pakatha masiku atatu muimbenso."

"Koma akupuma mobanika, anamwino."

"Ana amatero mphuno zikatsekeka. Musade nkhawa."

Mayiyo anamvera. Mawa lake mwana atalefukiratu m'pamene anamutengera kuchipatala. Chinali chibayo, ndipo anafika mochedwa. Mwana anamwalira.

Chimene Sisitala sanachiganizire n'chakuti kampaniyo imajambula mawu a foni iliyonse. Patangopita milungu iwiri, inafika kalata yomuitana ku bungwe loona za anamwino. Mlamu uja atangomva, analongedza chikwama n'kupita kwa azakhali ake, foni n'kuthimitsa. M'mawa wa tsiku loti Sisitala akaonekere kubungweko, amuna ake anamuimitsa pakhomo.

"Dzina la mlongo wanga lisakatuluke kumeneko. Ndi mwana uja."

Mwana! Pamene ankayankha odwala sanali mwana?

M'chipinda cha kubungweko munali tebulo lalitali, akuluakulu anayi, ndipo pakona panakhala mayi wa mwana uja ndi amuna awo. Anayatsa mawu aja. Sisitala atangomva kapumidwe ka mwanayo, anadziwiratu matendawo mayi asanamalize n'kufotokoza komwe. Misozi inayamba yokha.

"Mayi, mawu akuyankhawa ndi anu?" anafunsa wapampando.

Apa m'pamene anaona kuti pothawira palibe. Akati ndi ake, ndiye kuti namwino wa ana anamva mwana akubanika n'kunena kuti afunditsidwe. Akati si ake, ndiye kuti anapereka odwala m'manja mwa munthu wosaphunzira ntchitoyo. Wapampando anabwereza funsolo.

"Si anga," anatero. "Nthawi imeneyo ndinali kuwodi. Ankayankha ndi mlamu wanga."

Mayi uja anadzuka.

"Ndiye ine ndinkalankhula ndi mlamu wanu? Pafoni panalembedwa dzina lanu, kuti ndinu namwino wa ana wa zaka zambiri. Amuna anga anati tithamangire kuchipatala, ine n'kuwaletsa, n'kumati anamwino anena kuti n'chimfine. Ndinawaletsa ineyo, chifukwa cha inu!"

Sisitala analandidwa chiphaso tsiku lomwelo, ntchito zonse ziwiri n'kuthera pomwepo, nkhani n'kupita kupolisi. Atafika kunyumba, amuna ake sanamufunse n'komwe kuti zayenda bwanji. Anangofunsa kuti, "Mwamutchula?"

Phunziro: Akakulembani ntchito osakuonani maso, ndiye kuti akhulupirira dzina lanu, ndipo wodwala naye akhulupirira dzina lomwelo. Musabwereketse chiphaso kapena pasiwedi yanu, kaya wopemphayo ndi m'bale wotani, chifukwa zikavuta mudzatsala nokha. Inunso olemba anthu ntchito pa vidiyo, muzitsimikiza kuti amene munamulemba ndi yemweyo amene akuyankha odwala. Tumizirani uthengawu kwa anamwino, madokotala ndi makolo onse amene mukuwadziwa, mwina mupulumutsa mwana wa wina.