Chiwaya cha Mayi Kulusumu

Lois anachizindikira chiwayacho ndi chogwirira chake chomanga ndi waya. Chinali cha Mayi Kulusumu, Msilamu wa khomo loyandikana nalo, ndipo chinali pambaula, m'kati mwake mukupsa nthuli za nkhumba.

"Bambo a Mwawi, mwatani?"

Mwamuna wake, Mzomera, sanadzutse n'komwe mutu. "Chathu chija n'chopyapyala, chimaumitsa nyama ngati chikopa. Ichi n'chokhuthala, chimasunga moto. Taona mmene yafewera! Ndinaikulunga m'masamba a papaya, ndipo ndaitembenuza kamodzi kokha. Ndikaphula ipume kaye, madzi ake asathawe."

"Pobwereka munati mukazingiramo chiyani?"

"Chambo."

Mtima wa Lois unawira. Mayi Kulusumu ndi amene ankamuphikira phala atagona ndi malungo, amene amamuanulira zovala mvula ikagwa iye ali kutchalitchi.

"Tichikwecha ndi mchenga, iwe," anatero Mzomera. "Adziwa bwanji?"

"Mchengawo muthiranso Mulungu m'maso?"

"Odi kuno!" Mawu anamveka kuseri kwa mpanda. Anali Mayi Kulusumu, atafunda mpango wawo, mandimu ali m'manja. "Ndati mufinyire pa chambo chija, aneba. Popanda ndimu sichikoma."

Lois anaima pachipata, utsi wa nyama ukumudutsa pamapewa. Analandira mandimuwo ndi manja awiri, maondo atapinda.

"Amayi," anatero, "chiwaya chanu chija sichingalowenso m'nyumba mwanu. Takhalani pansi ndikuuzeni."