Chithunzi Chomwetulira

Mayi ake a Salifyanji atangokhudza chithunzi pafoni, malemu amuna awo anaphethira, kenaka n'kumwetulira.

Salifyanji anadikira kuti amuyamikire. Anatha milungu itatu akupanga webusaiti yokumbukira bambo akewo, kuti achibale aione asanabwere ku Chilenje kudzavundukula chiliza. Chithunzicho anachikonza kuti munthu akachikhudza, nkhope iziyenda.

Mayiwo anaika foni pampando ngati yawaotcha.

"Wabachita chani batate bako?"

"Ni kompyuta chabe, ba mami. Nenze kufuna bantu babaone monga bali moyo."

"Zaka sate ninankala nabo mu nyumba ino. Sibananisekeleko so olo kamozi."

Salifyanji anatambasula dzanja kuti azimitse foniyo, koma mayi ake ndi amene anayamba kuikwatula. Anakhudzanso chithunzicho, malemuwo n'kumwetuliranso.