Kompyuta Yosazima ya a Geoffrey

Panali munthu wina pa Mbulumbuzi, a Geoffrey, mkamwini wa kwa Mpama. Amene andiuza akulumbira kuti zinachitikadi.

A Geoffrey anayambitsa zoitana kabaza pa foni. Umatsegula tsamba lawo pa intaneti, kulemba kumene ukupita, njinga yafika. Mafoni onse ankalankhula ndi kompyuta imodzi ya mu kaofesi kawo, yoyendera sola, yosazimitsidwa chiyambire.

Ruqaiya, mayi wa ku Limbe wolemba mapulogalamu, ataiona anapukusa mutu.

"Bambo, pulogalamuyi ikusunga za anthu onse m'mutu mwake, malo amodzi, osalemba aliyense pake. Ikakhalitsa idzayamba kupatsa uyu za uja. Ndipo tsiku limene idzazime, zonse zapita."

"Mayi inu, chinthu chikuthamanga bwinobwino, ndichivutitsirenji?"

Sipanatenge nthawi. A Lajabu anaitana njinga ya ku mzikiti, anakatsitsidwa pa kwaya. A Geoffrey anangoseka. "Ndi netiweki imeneyo."

Tsono a Geoffrey anali ndi kaulendo kawo. Akati "ndapita ku msonkhano wa akabaza," njinga inkakawatula kwa Likoswe, kwa mayi wina dzina lake Eluby.

Tsiku lina atangonyamuka, akazi awo a Nester anatsegula tsamba lija pa foni yawoyawo kuti apite ndi mwana wawo Chimwemwe ku sikelo. Foni inati: "Takulandiraninso a Geoffrey. Kwa Eluby ngati kale?"

A Nester anawerenganso. Anabereka mwana. Anadina "Inde."

Francisko wa kabaza anayamba thukuta asanapalase n'komwe.

"Amayi, chipatala si uku?"

"Palasani achimwene. Foni yanena kale."

A Nester anawapeza a Geoffrey pakhonde pa Eluby, nsapato atavula, akusenda nandolo. Munthu amene kwawo sanagwirepo lichero!

"Msonkhano ukuyenda bwanji, bambo a Chimwemwe?"

A Geoffrey liwiro, opanda nsapato, mpaka ku ofesi. Anazimitsa kompyuta kuti umboni ufe. Unafadi, pamodzi ndi maulendo onse amene anthu anaitanitsa. Anthu anangoti kakasi m'misewu, akabaza atazungulira kaofesi akukuwa.

Atafika kunyumba anapeza zovala zawo m'thumba la feteleza, alamu awo atakhala pakhomo.

"Mudzi uno ndi wa achemwali anga. Itanani njinga muzipita."

Aitana ndi chiyani? Anasenza thumba, wapansi, mapazi ali mbuu.

Kompyuta inaiwala zonse. A Nester sanaiwale kanthu.

Phunziro: Makina osunga zinthu m'mutu amakumbukira zimene ukufuna ziiwalike, n'kuiwala zimene ukufuna zisungike. Wodziwa akati za munthu aliyense zilembedwe pake, mverani. Ndipo abambo, msonkhano uzikhala msonkhano. Tumizani ku magulu onse, makamaka kwa akamwini.