Duwa Limene Linafota M'foni ya Amayi

Panali munthu wina, katswiri wopanga mapulogalamu a m'foni, amene anzake ankangomutchula kuti Injiniya. Nzeru anali nazo, pamenepo tisamunamizire, koma makutu ake anali ongokongoletsa mutu.

Injiniyayu anapanga pulogalamu yothandiza anthu ankhawa kukhazika mtima pansi. Ukaitsegula, inkakutsogolera kupuma mpweya pang'onopang'ono kwa mphindi zisanu. Pofuna kuti anthu asamaiwale, anaikamo kaduwa: ukamatsegula tsiku ndi tsiku kankakula, ukaphonya masiku atatu kankafota.

Mlongo wake wamkulu, yemwe anali namwino, ataiona anapukusa mutu.

"Iwe, zilembozi bwanji zing'onozing'ono ngati nyerere? Wosaona bwino atani? Ndipo duwa lofotali ulichotse. Munthu wosweka mtima sitimuopseza."

"Inu achemwali, zanu ndi za jakisoni," anayankha Injiniya akuseka. "Za mafoni tisiyireni eniakefe."

Anakaiyesa kwa anzake a mu ofesi, onse a maso akuthwa ndi zala zothamanga, ndipo onse anamuombera m'manja.

Nthawi imeneyo n'kuti bambo ake atangomwalira kumene, atadwala miyezi isanu ndi iwiri. Amayi ake, amene anawasamalira mpaka tsiku lomaliza, ankangokhala pampando wa pawindo, osadya, osalankhula. Ana onse ankaopa kuti nawonso awatsatira bambowo. Injiniya anawaikira pulogalamu ija m'foni.

"Amayi, muzitsegula izi, zikuthandizani," anatero, n'kuthamangira kuntchito.

Amayiwo anayesetsa, poti inali ntchito ya mwana wawo. Koma zilembo sankaziona, ndipo chala chawo chonjenjemera chinkangophonya kabatani. Anatopa nazo n'kuisiya.

Loweruka masana Injiniya anawapeza akulira, foni ili m'manja. M'mawa wa tsikulo kunabwera uthenga wochokera ku pulogalamu ija, ndipo anapempha mayi woyandikana nawo nyumba kuti awawerengere. Uthengawo unali wakuti: "Duwa lanu lafa chifukwa simunalisamale."

"Ngakhale foni ikudziwa," anatero amayiwo. "Ndikanathamangira nawo kuchipatala msanga bambo ako, bwenzi alipo. Ine kusamala sindikudziwa."

Mawu a uthengawo Injiniya anawalemba yekha, akumwa tiyi, akuganiza kuti ndi nthabwala yabwino. Anagwada pafupi ndi mpando uja.

"Amayi, foni sidziwa kanthu. Analemba zimenezo ndine, chitsiru chanuchi. Bambo munawasamala inu. Munkawasambitsa, munkawadyetsa ndi sipuni, tonse tinkaona."

Amayiwo anamugwira mutu, ndipo analira onse awiri.

Kenako Injiniya anaimbira mlongo wake uja n'kumufotokozera zonse.

"Wamva nkhwangwa ili m'mutu," anatero namwinoyo. "Chabwino, pukuta misozi. Ubwere Lolemba ndi kope, ndipo pakamwa pakopo usiye kunyumba."

Lolembalo anapeza mlongo wake atasonkhanitsa anthu anayi amene anavomera kuthandiza. Mayi wosaona anaisisita foniyo n'kufunsa ngati inali yoyaka, poti sinkalankhula kanthu. Bambo wosamva analemba papepala kuti kabelu kouza munthu nthawi yopuma mpweya kanali kopanda ntchito kwa iye, bola foniyo izinjenjemera m'manja. Injiniya ankangolemba, thukuta lili kamukamu.

Koma woyang'anira wovuta kuposa onse anali amayi ake. Sabata iliyonse ankawabweretsera zimene wakonza, iwo n'kumazikana.

"Liwu ili likuyankhula ngati wolengeza maliro. Pezani wina. Kabataninso kakule ngati chitsekerero cha botolo, chala changa si singano."

Potsutsa zinthu chonchi, amayiwo anayamba kuiwala kukana chakudya. Duwa lija linachotsedwa. Munthu akasowa ngakhale mwezi wathunthu, pulogalamuyo inkangomuuza mawu amene amayiwo anasankha okha: "Takulandirani. Simunachedwe."

Patapita miyezi ingapo, Injiniya anawaimbira foni.

"Amayi, pulogalamu ija mukuitsegulabe?"

"Sabata ziwiri tsopano sindinaigwire."

"Yakulakwiraninso chiyani?"

Kumbuyo kunkamveka makina osokera ndi azimayi akuseka chikhakhali.

"Palibe chimene yalakwa, mwanangu, koma nthawi ndilibe. Ndili kwa anzanga, tikusoka makatani. Ukundichedwetsa, udzaimbe mawa."

Amayiwo anadula foni. Injiniya anakhala pomwepo akumwetulira, misozi ikutsika. Chiyambire ntchito yake, anali asanasangalalepo chonchi ndi munthu wosiya kugwiritsa ntchito chinthu chimene iye anapanga.

Phunziro: Ukamapangira anthu chinthu, yamba wakhala nawo pansi n'kuwamvera, makamaka amene saona, samva, kapena ali ndi bala mumtima. Mawu amene kwa iwe ndi nthabwala, kwa wina ndi mpeni. Tumizirani ena nkhaniyi, makamaka aja amati akudziwa kale zonse.