Mapazi pa Njerwa Zaziwisi

Mawa lake unali ukwati wanga, ndipo mtima unali dyokodyoko. Belu la madzulo litalira pamishoni, mayi wosunga makiyi anatsekera atsikana onse m'nyumba yawo monga mwa masiku onse, Casilda wanga akugonamo komaliza. Makiyiwo anakawasiya kwa wansembe. Kuseri kwa tchalitchi ng'ombe ya phwando inali itapachikidwa kale.

Mvula inayamba kuwaza. Ine ndi Remigio, mchimwene wa Casilda, tinanyamula zikopa kuthamangira kubwalo kukafunditsa njerwa zaziwisi zomalizira kanyumba kathu.

"Thamangani a Nicomedes, alamu anga a mawa," anatero Remigio akuseka. "Zikasungunuka izi, mlongo wanga mukamugoneka m'khola la nkhosa?"

Ndinakweza nyali. Panjerwa yoyamba panali patadinda phazi lopanda nsapato.

"Ana opulupudza aja," ndinatero.

Koma phazilo linali lalikulu, ndipo mvula inali isanadonthere m'menemo. Tikuyang'ana choncho, njerwa yotsatira inabonyoka yokha, kuyamba chidendene, kenako zala. Inanso chimodzimodzi. Mapaziwo ankayenda mosafulumira, kulunjika kunyumba ya atsikana ija, ya khomo limodzi ndi mawindo a m'mwamba.

Remigio anasiya kuseka, nandigwira mkono. Mzere wa njerwa utatha, tinamva loko wa pakhomolo akutseguka.

M'katimo Casilda anaseka mokondwa. "Nicomedes, walephera kudikira mawa? Lowa msanga asakuone."

Ine ndinali ndikadali pabwalo, chikopa chili m'manja.