Chule ndi Ndowe za Mfumu

Padangokhala, tili tonse. Padali dziwe lolamulidwa ndi Mfumu Mvuu. Mfumuyo inkadzithandizira m'madzi momwemo, mpaka nsomba zidayamba kuyandama chagada.

Pamsonkhano Chule adadzuka. "Zikomo mfumu, bwanji muzikadzithandizira kumtunda? Ana athu akufa."

"Mwamumva?" adakuwa Ng'ona, nduna yaikulu. "Wanyoza ndowe za mfumu! Kumeneku n'kuukira dziko!"

"Pepani anduna," adatero Chule, "kodi dziko ndi dziweli, kapena matako a mfumu?"

Chule adapirikitsidwa tsiku lomwelo. Nsomba zitatha, njala idamupweteka Ng'ona, ndipo adasamukira kumtsinje wina kukaombera m'manja mvuu ina. Mfumu idatsala yokha m'ndowe zake, ikulamulira ntchentche.

Nthano yanga yathera pompa.