Nzama za mu Pilo

Chaka chachiwiri tsopano Esinala akutsamira pilo wa nzama. Lamulo limati mbewu iliyonse yopanda kalata iwotchedwe, pokhapokha patapezeka umboni wolembedwa woti inkalimidwa kale lamulolo lisanabwere. Nzama zimene anamusiyira agogo ake, zofiira zamadontho, zinalibe kalata, ndiye anazisokera mu pilo. Koma Lachisanu kunali kubwera makina onunkhiza mbewu nyumba ndi nyumba.

Lachitatu masana foni inalira. Anali mwamuna wake Likongwe, amene analawirira ku laibulale ya yunivesite, kuchipinda chosungira zolemba zakale.

"Mayi a Tamanda, agogo anu aja anali Nasimango a kwa Chimbalanga?"

"Eya. Mwapezako kanthu?"

"Amayi osunga zakale kuno andipezera kope la wophunzira wina amene ankafufuza za mbewu kalekale. Tamverani zimene analemba: 'Mayi Nasimango ali ndi nzama zofiira zamadontho. Sindinathe kuziyeza, chifukwa ndinaponda mzere wawo, ndipo anandithamangitsa ndi khasu.'"

Esinala anakhala pansi pakhonde. "Ndi omwewo. Inenso anandithamangitsapo kawiri."

"Amayiwa adinda kale chidindo pakopeli. Akuti umboniwu ndi wokwanira."

Esinala anatenga lumo n'kung'amba pilo uja. Anakhuthulira nzama m'lichero, n'kuliika pabwalo poyera, pamene aliyense wodutsa akanatha kuziona.

"Mukadali pa foni, bambo a Tamanda? Pobwera mundigulire khasu latsopano. Ndipo chaka chino, mukalowa m'munda mwanga, muziyang'ana poponda."